Amalume M'chitsime

Fanizo ili anatiuza ndi mayi Nasimango pa mapemphero a amayi Lachinayi. Ndalilemba monga momwe analinenera.

Panali mayi wina amene anali ndi amalume ake okalamba, aluso pa ntchito zamanja. Njerwa za nyumba yawo anaumba okha, denga anafolera okha. Mipini ankasema okha, zingwe ankapota ndi khonje wa kuseri kwa khola. Mchere, singano, ngakhale moto, sanapemphepo kwa munthu. Chitsime chawo anakumbanso okha, ndipo m'khoma lake anagobamo timaenje topondamo potsika ndi pokwera.

Mayiyo ankawatama paliponse, kuchigayo ndi kumsika komwe. "Amalume anga safuna munthu," ankatero. Anthu anakhulupirira, iyenso anakhulupirira. Njira yopita kwa mkuluyo inamera udzu.

Tsiku lina m'dzinja mpini wa khasu la mayiyo unathyoka, ndipo anapita kwa amalumewo kuti akamusemere wina. Anali masana, koma kumwamba kunali kutada. Anaodira pakhomo, kunali zii. Mbuzi zinkalira m'khola, zosatsekulidwa. Phulusa la pamoto linali lozizira. Atazungulira kuseri anaona chipewa ndi malaya pakamwa pa chitsime, ndipo anathamangira pomwepo.

Anasuzumira. Pansi mumdimamo munali mutu wa imvi, madzi ali m'chifuwa.

"Amalume!"

"Ndiwe? Usafuule. Ndimachotsa matope."

"Mwalowa liti?"

Mano a mkuluyo ankangogundana. Pamenepo mayiyo anaona kuti timaenje tija tinali titagumuka, dothi litafewa ndi mvula. M'khoma munali mizere ya zikhadabo.

"Tenga chingwe pankhokwe," anatero mkuluyo, "umange kumtengo wa mangowo. Ndikwera ndekha."

Anachitadi zimenezo. Mkuluyo anakwera pang'ono, manja anakana, n'kugweranso m'madzi. Dothi lina linagumuka n'kuwagwera paphewa. Mkuluyo atadzimanga chingwe m'chiuno, mayiyo anakoka mpaka zikhato zinasupuka, koma sanawasunthe. Madontho anayamba kugwa. Iye ankadziwa kuti mvula ikalimba, madzi onse a kumtunda athamangira m'chitsimemo.

"Ndikuitana anthu, amalume."

"Iwe! Adzandione ine ndili m'dzenje ngati mbuzi? Chitsimechi ndinakumba ndekha. Ukaitana munthu, usadzapondenso pano."

Chibadwire mayiyo anali asanawatsutsepo. Mvula inali ikumumenya kumsana. Nyumba za anthu zinali patali, ndipo aliyense anali atabisala. Akanangoitana, ndani akanatuluka pamvula chifukwa cha munthu wosafuna munthu?

Tsono anaika manja kumutu n'kulira maliro. "Mayo ine! Amalume anga ine! Mayoo!"

Zitseko zinatseguka. Anthu anathamanga m'matope, amayi ena akulira kale. Atapeza kuti womwalirayo akulankhula, anagwira chingwe onse, amuna ndi akazi, n'kukoka. Mkuluyo anatuluka madzi atawafika m'khosi.

Anawafunditsa zitenje n'kuwasonkhera moto. Pakamwa patamasuka, mkuluyo anayang'ana mwana wa mlongo wawoyo.

"Wandilira ndili moyo."

"Eya, amalume. Mawa ndikanalira zenizeni."

Apa mayi Nasimango anati: "Amayi anzanga, mudzi wonse unathamangira maliro a munthu amene sunkamuyendera ali moyo. Aliyense wa ife ali naye wake amene amamutama kuti ndi wolimba, safuna munthu. Kutama n'kopepuka, kumachitika uli kutali. Munthu wotereyo akagwera m'dzenje safuula. Mayi uja anapita chifukwa mpini unathyoka, ndipo Mulungu anamuchitira chifundo. Inu musadikire kuti wanu uthyoke. Pochoka pano mudzere kumeneko, mukaone ngati phulusa lili lofunda."