Khonde la Nyumba ya Wojambula

Panali munthu wina mu mzinda wa pansi pa phiri, dzina lake Mtambalika. Bambo ake anali wojambula zithunzi. Anali ndi kasitudiyo pafupi ndi msika, ndipo anthu ankapitako kukajambulitsa za ukwati, za ubatizo ndi za pa chiphaso. Koma Lamlungu masana mkuluyo ankakoleka kamera m'khosi n'kumayenda m'misewu, kujambula nyumba. Anzawo ankawaseka kuti akutha filimu ndi makoma.

Atamwalira anasiya nyumba ya njerwa zowotcha pa chitunda, ndi bokosi la zithunzi. Mlongo wake wa Mtambalika, Enelesi, ndiye anatsala m'nyumbamo. Mtambalika anatenga bokosi, n'kuliika pansi pa bedi. Linakhala pomwepo zaka zambiri.

Atapuma pa ntchito, tsiku lina analitsegula. Anapezamo mzinda umene anakuliramo. Munali positi ofesi yakale ya wotchi pamwamba pa khomo. Munali sitolo za amwenye, matelala atakhala m'makonde ndi makina awo. Munali nyumba ya kanema, mzikiti wakale, hotela ya masitepe amiyala, ndi nyumba za antchito a boma zondandalikana m'mbali mwa msewu wa mitengo ya mbawa.

Anayamba kuyenda. M'mawa ankasankha zithunzi zingapo, n'kupita kukafuna pamene bambo ake anaima pojambula. Akapapeza ankatambasula dzanja, kutsinzina diso limodzi, n'kuyerekeza chithunzi ndi chimene chinali patsogolo pake.

Poyamba zinkamusangalatsa. Positi ofesi inalipo, ngakhale wotchi inali itaima. Mzikiti unalipo. Koma pamene panali nyumba ya kanema anapeza malo omwetsera galimoto mafuta. Makonde a sitolo anali atagumulidwa kuti msewu ukule. Pa hotela panatsala masitepe okha, okwera n'kukathera pa udzu. Nyumba ina imene anaiona ili chiimire mwezi wa dzuwa, atabwererako mvula isanayambe anapeza mulu wa njerwa, anthu akutola.

Mantha anamulowa. Ankaona ngati wina akufufuta bambo ake pang'onopang'ono, nyumba ndi nyumba. Akamva katapila ikulira kutali, ankasiya tiyi pa tebulo n'kupita kukaona kumene ikugumula.

Nyumba imodzi yokha ndiyo inkamukhazika mtima pansi, ya bambo ake. Inali ndi khonde lalitali la mizati ya njerwa, ndipo palibe chimene chinali chitasinthidwa chimangireni.

Enelesi anali wamasiye. Pa khondepo anatsegula sukulu ya mkombaphala. Amayi ogulitsa mumsika ankamusiyira ana awo m'mawa n'kudzawatenga masana. Anawo ankakhala pa mkeka, kuimba, kudya phala, ena n'kugona pomwepo.

Tsiku lina Enelesi anati, "Achimwene, chitseko cha kukhonde chayamba kuvuta kutseka. Ndiponso fumbi likumagwa kuchokera kudenga ngakhale kulibe mphepo. Bwanji khondeli tilichotse, tiike la mapaipi achitsulo?"

Mtambalika anamuyang'ana. "Mapaipi, pa nyumba ya bambo? Mzinda wonse akuugumula, nawenso ukufuna uyambe? Chitsekocho tichipala. Koma pasachoke ngakhale njerwa imodzi."

Enelesi anaisiya pomwepo nkhaniyo. Mchimwene wakeyo ndiye anali mwini mbumba.

Mu mzindamo munali gulu la anthu okonda mbiri yakale. Atamva za bokosi lija anabwera kudzaona zithunzi, ndipo anakondwa nazo. Anati akukonza chionetsero, chithunzi chakale pambali pa chatsopano. Anatinso nyumba zimene zikadali monga zinalili adzaziika chikwangwani chamkuwa pakhoma, kuti wina asadzazigumule. Analonjeza kuti Khirisimasi ikapita adzayendera nyumba ya pa chitunda.

Mtambalika anapuma mpweya wabwino. Anaganiza kuti nyumba imodzi wapulumutsa.

Chaka chatsopano chitalowa, anapita kukajambula chithunzi chatsopano cha nyumbayo pa foni. Anatenga chakale. M'menemo amayi ake anaima pakhomo, iye ndi Enelesi atakhala pa masitepe, mapazi opanda nsapato. Anawoloka msewu, anaima pamene bambo ake anaima, anatambasula dzanja n'kutsinzina diso.

Pa chithunzi, mzati wakumapeto unaima chilili, molunjika ndi ngodya ya nyumba. Denga la khonde linali lowongoka ngati lula. Atachotsa chithunzi anaona kuti mutu wa mzatiwo wapendamira kunja, ndipo pakati pa mzati ndi ngodya pakuoneka thambo. Denga linali litalowa pakati ngati msana wa ng'ombe yokalamba.

Ankabwera pa nyumbayo mwezi uliwonse, koma anali asanaonepo zimenezi. Khondelo linkapendama pang'ono chaka ndi chaka, ndipo maso ake ankapendama nalo.

Anati mwina waima polakwika. Anasunthira kumanja. Anasunthira kumanzere. Anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Mzati unali chipendamire. Pansi pake ana ankaimba nyimbo ya zilembo.

Enelesi anatuluka, akupukuta manja pa chitenje. "Chatuluka bwino?"

"Dzuwa silili bwino," anatero Mtambalika. "Ndibweranso."

Anapita kwawo osanena kanthu.

Mvula inayamba kugwa tsiku ndi tsiku. Mtambalika ankakhala pa zenera, kuyang'ana mitambo ikutsika m'phiri. Ankadzilankhula yekha. Khondeli laima zaka zonsezi, lingagwe sabata ino? Alendo a gulu lija atsala pang'ono kubwera. Akabwera, akaika chikwangwani, tidzapeza amisiri odziwa nyumba zakale, adzaliwongola bwinobwino. Ndikanena lero, Enelesi aitana anthu a nyundo mawa.

Maganizowo ankamveka bwino, koma chakudya sichinkapita kukhosi. Mkazi wake anamufunsa ngati akudwala. Anati ayi.

Ankatenga foni n'kuimbira mlongo wake. "Kukugwa mvula kumeneko?"

"Ikugwa."

"Yambiri?"

"Ngati ya kwanuko. Achimwene, lero lino mwaimba kale. Kwagwanji?"

"Palibe. Ndimangofunsa."

Mvula ikakata ankanyamuka, kupita kukaima tsidya la msewu, osafika pakhomo. Ankatulutsa chithunzi n'kuyerekeza. Tsiku lina ankaona ngati mpata uja wakula. Tsiku lina ankaona ngati uli chimodzimodzi. Sankadziwanso ngati ndi mzati ukusuntha kapena ndi mantha ake. Akamva galimoto yaikulu ikukwera chitunda ankagwira mpweya mpaka itadutsa. Kenako ankabwerera kwawo, chithunzi m'thumba la jekete.

M'mawa wina, alendo atatsala pang'ono kubwera, mvula inamupeza ali tsidya la msewu. Inali yamphamvu. Madzi ankatsika m'chitunda ali ofiira. Anaona akuzungulira tsinde la mzati uja, akukokolola dothi. Pa khonde ana anali ataunjikana, aliyense ndi kapu ya phala. Kamtsikana kena kanakhala pansi, katatsamira mzati womwewo, kakunyambita supuni.

Mtambalika anawoloka msewu. Sanatsegule ambulera.

"Enelesi, chotsa ana pano."

"Ndiwalowetse m'nyumba?"

"Ayi. Kutali ndi khomali. Pita nawo kwa anansi."

"Pa mvula yoterei?"

Anatulutsa chithunzi, chikunyowa m'manja mwake. Anamugwira mlongo wake pamkono, anatuluka naye pabwalo, n'kumutembenuza kuti ayang'ane nyumba. "Ona mzati uwo pa chithunzi. Tsopano uone apo."

Enelesi anayang'ana chithunzi. Anayang'ana mzati. Anayang'ana ana.

"Mwaona liti zimenezi?"

"Tsiku lija ndinabwera kudzajambula."

"Ndiye munangokhala chete?"

Enelesi sanadikire yankho. Anathamangira pa khonde, anabereka mwana mmodzi, wina anamunyamula m'manja. Mtambalika ananyamula kamtsikana kaja. Anabwerera kangapo mpaka pa mkeka panatsala makapu okha. Anansi anatsegula chitseko, ana analowa akulira, atanyowa.

Khonde silinagwe tsiku limenelo. Mvula inakata, ndipo linali chiimire monga linalili. Munthu akanatha kunena kuti mantha anali achabe, ana abwerere, alendo abwere kaye.

Koma Mtambalika anaitana amuna a m'deralo. Anabwereka makwerero ndi nyundo. Iye ndiye anakwera woyamba, ndipo msomali woyamba anazula ndi manja ake. Malata atachoka, mtanda waukulu wonyamula denga unaonekera. Anaudinikiza ndi chala, chala chinalowa. Chiswe chinali chitadya mkati monse. Kunja kunatsala utoto ndi khungwa lopyapyala. Poutsitsa unathyoka pakati wokha, dothi n'kukhuthukira pomwe pankakhala mkeka. Mzati uja amuna awiri anangoukankha ndi mapewa, unagwa.

Mtambalika anakhala pa masitepe.

Alendo anabwera pa tsiku lawo. Anapeza nyumba yopanda khonde, khoma lili ndi chipsera chachitali pomwe panali denga, njerwa zili mulu pambali. Mayi amene ankatsogolera gululo anayang'ana chithunzi, anayang'ana nyumba.

"Pepani bambo," anatero. "Nyumbayi sikufanananso ndi chithunzi. Chikwangwani sitingaike."

"Ndamva, mayi," anatero Mtambalika.

Anawaperekeza mpaka pa msewu. Zinamuwawa, ndipo sanabise. Chimene ankafuna kupulumutsa anachigwetsa yekha.

Enelesi anakhala masiku osamulankhula. Amayi ena a mumsika atamva za mtanda uja anachotsa ana awo, ndipo sanawabweretsenso. Ena anati adikira. Tsiku lina Enelesi anaimba foni. Sanapereke moni wautali.

"Mapaipi afika. Mubwere mudzagwire nawo."

Anapita. Anagwira paipi iliyonse mmisiri akuthira simenti. Khonde latsopano silinali lokongola. Linali ngati la pa golosale iliyonse ya m'tauni. Litatha, ana amene anatsala anabwerera, anayala mkeka, anayamba kuimba. Enelesi anabweretsa mpando n'kuuika kumapeto kwa khonde. "Khalani apa, achimwene," anatero. Mtambalika anakhala. Nthawi ndi nthawi maso ake ankakwera kudenga, kenako n'kutsikira kwa ana.

Tsono inu amene mukumva. Aliyense wa ife ali ndi chimene makolo anamusiyira. Kwa wina ndi nyumba, kwa wina ndi kachitidwe ka pabanja, kwa wina ndi mmene mpingo wakhala ukuyendera. Kukonda zimenezo si kulakwa. Yang'anani zakale, ziyang'anitsitseni, chifukwa ndi zomwe zimakuonetsani pamene zinthu zapendama maso anu osazindikira. Munthu uja akanapanda kusunga chithunzi, sakanaona kanthu.

Koma ataona anadikira, ndipo masiku onse amene ankadikira pansi pa dengalo panali ana a eni. Mwina nanunso pali chimene mwachiona kale. Mukudikira kuti mwambo upite kaye, alendo achoke kaye, dzina la banja lisade. Funsani mtima wanu kuti pansi pake pakhala ndani. Mukamudziwa, musapite kwanu chete. Kamuuzeni lero.