Batani Lachiwiri la Norio

Chipinda chimene Fumie Naruse ankagwiriramo ntchito ku Tokyo chinali chaching'ono moti akatambasula mkono ankagunda khoma, koma iye chinkamukwanira. Munali tebulo, mabotolo a inki, ndi zenera loyang'ana padenga la aneba pamene mphaka wawo ankaothera dzuwa. M'mawa uliwonse ankathira tiyi, kuphatikiza manja kwa kanthawi, kenako n'kuyamba kujambula nthano yake ya m'zithunzi, imene ku Japan amati manga, yomwe atsikana a sukulu ankaiwerenga m'sitima mpaka kupitirira siteshoni yakwawo.

Mwini nthanoyo anali Sachie, mtsikana wa kusekondale wosamva za munthu. Ankayankha aphunzitsi maso ali gwa, ankakoka anyamata makutu, ndipo mnyamata amene mtima wake unagwerapo ankamupatsa moni wa chigongono. Fumie mwiniwake anali munthu wa phee, woti ngakhale wina amuponde phazi m'sitima ndiye ankayamba kupepesa. Sachie sanamutenge mumtima mwake ayi. Anamutenga kwa Tokiko, mnzake wa m'kalasi kwawo kumapiri, amene Fumie anakhala kumbuyo kwake zaka zonse za kusekondale osacheza naye kupitirira kubwerekana rabala.

Chimene chinamukhalira m'mutu chinachitika tsiku lotsanzikana ndi sukulu. Tsikulo mtsikana amapempha batani lachiwiri la pajekete kwa mnyamata amene amamukonda, lija loyandikana ndi mtima, ndipo amapempha monong'ona, kuseri kwa mtengo. Tokiko sananong'one. Anadula pakati pa bwalo, makolo onse akuona, n'kufuula kuti, "Iwe Norio! Bweretsa batanilo kuno!" Fumie anaona ali pamasitepe, ndipo kuyambira pamenepo anati m'dziko muno mulibe munthu wopanda mantha ngati ameneyu.

Kumapeto kwa buku lililonse la manga kumakhala tsamba limene wojambula amachezapo ndi owerenga. Nthano itakoma ndithu, Fumie analemba patsambalo kuti Sachie ndi munthu weniweni, kuti lero amagulitsa tofu, chakudya chopangidwa ndi soya, pafupi ndi mlatho m'tauni yakwawo, ndiponso kuti mnyamata amene analandidwa batani uja amayendetsa basi komweko. Mayina sanatchule, koma tauniyo inali ndi mlatho umodzi.

A Hasebe, mkonzi wake, anawerenga tsambalo n'kuvula magalasi.

"A Naruse, mayi ameneyu mwamupempha?"

"Tokiko? Adzangoseka. Ameneyo saopa kanthu."

"Munalankhula naye liti komaliza?"

"Ndimamudziwa," anatero Fumie motsitsa mawu.

"Ine mkazi wanga ndimamudziwanso, koma ndikafuna kusuntha mpando m'nyumba ndimayamba ndafunsa. Tichotse mlathowo basi. Titayapo chiyani?"

Koma anthu ofatsa akakakamira chinthu amaposa aphokoso. Fumie ankaona tsambalo ngati mphatso kwa Tokiko, ndipo mphatso sapempha chilolezo. Anawerama mwaulemu, kuthokoza a Hasebe chifukwa cha malangizo, ndipo sanasinthe liwu limodzi.

Masamba a mitengo asanayambe kufiira, amayi ake anaimba foni.

"Fumie iwe, masiku ano tofu ndikukagula kutsidya. Maondo angawa akuthokoza kwambiri."

"Bwanji, amayi? Kwa Tokiko atseka?"

"Atseke bwanji, kuli khamu! Atsikana a yunifolomu akuchokera kutali, wina ndi kamera, wina akufuna malangizo a chikondi, wina akuti mayi uja amukokeko khutu. Tokiko anasiya kuima pogulitsira, akungobisala kumbuyo kumiphika. Norio naye akamayendetsa basi ana akumuwerenga mabatani. Mkazi wake akalowa mumsika anthu akugwirana zigongono. Ndiye ine ndilowe m'sitolomo ndi nkhope iti? Ndiziti ndine mayi wa ndani?"

Fumie anakhala ndi foni m'manja amayi atadula kale. Anafuna kunena kuti Tokiko sangabisale, koma panalibe womuuza.

Anakwera sitima ndi bokosi la makeke lokulungidwa bwino. Atafika kwawo anayatsa lubani pachithunzi cha malemu bambo ake, napempha kuti lilime lake lisaonjezere pa zimene cholembera chinawononga. M'mawa mwake, atsikana asanayambe kufika, anaima pakhomo la sitolo. Anamulandira ndi a Yasuo, mwamuna wa Tokiko, munthu wamkulu thupi, manja ali ofiira ndi madzi ozizira.

"Aa, ojambula aja! Mwabwera kudzajambulanso ine? Mimba yokhayi muchepetseko."

Fumie anawerama mpaka tsitsi kutsala pang'ono kukhudza pansi ponyowapo. Ali chiweramire anamva mapazi, kenako mawu amene anawadziwa pomwepo, aakulu ngati kale.

"Naruse! Uja unkandijambula kumsana n'kumayesa sindikuona? Dzuka, ukutchinga njira. Ngati wabwera kudzapepesa, nyamula chidebe ichi. Pepani wa manjamanja salemera."

Tokiko ankaperekera tofu kwa okalamba a kumtunda amene miyendo inasiya kuwafikitsa kumlatho. Masiku amenewo ankadzera njira zakuseri. Anayenda limodzi, madzi a m'chidebe akukhavukira pasiketi ya Fumie. Pokhota pena kagalu kakang'ono kanauwa mkati mwa mpanda, ndipo Tokiko analumphira tsidya lina la msewu n'kugwira mkono wa Fumie mpaka zala kulowa m'mnofu.

"Ndi kagalu chabe," anatero Fumie modabwa. "Kali pachingwe."

"Chingwe chimaduka. Fulumira!"

Pakhomo loyamba Tokiko anagogoda ndi chala chimodzi. Gogo wa pamenepo anachedwa kutsegula, ndipo podikira Tokiko anawerama n'kutembenuza nsapato za gogoyo zimene zinali pakhomopo kuti ziloze panja, zisawavute povala. Pakhomo lachiwiri anasiya tofu wofewa kwambiri, poti mwini wake mano anatha. Fumie ankangoona. M'mabuku ake onse Sachie anali asanagogodepo pachitseko.

Atafika pamtunda poonekera denga la sukulu yawo, Tokiko anatula chidebe chake.

"Unalemba kuti ndinamulanda batani chifukwa chikondi chinandipengetsa."

"Si choncho?"

"Iwe unali pamasitepe. Ine ndinali pageti. Norio anabwera pasukulu yathu mochedwa, bambo ake atamwalira, ndipo chibwibwi chija chinamusowetsa anzake. Tsikulo anyamata ena majekete anali yasa, mabatani atatha. Iye anaima pageti ndi amayi ake, mabatani onse ali mbee. Amayiwo ankayang'ana ana a eni, kenako wawo, kenako pansi. Ndinaona kawiri. Kachitatu sindikanatha."

"Koma unafuula."

"Ndikachita mantha mawu amakwera okha! Umayesa aphunzitsi ndinkawakalipira chifukwa chowaderera? Maondo ankagundana pansi pa desiki, iwe uli kalikiliki kujambula tsitsi langa. Tsikulo nditalandira batanilo ndinathamangira kuseri koimika njinga n'kukasanza. Sabata yomweyo ndinakalibweza kwa amayi ake, poti jeketeyo inkadikira mng'ono wake."

Fumie anakhala pansi pamwala. Manyazi amene anabwera nawo kuchokera ku Tokyo anali a munthu amene waulula chinsinsi cha mnzake. Awa anali ena, a munthu amene wagawira dziko lonse chithunzi cha munthu yemwe sanamuonepo kumaso.

"Ndilemba zoona," anatero. "M'buku lotsatira ndifotokoza zonse, anthu adziwe mtima wako."

"Wapenga? Ukufuna dziko lonse lidziwe kuti Norio panalibe womupempha? Ana ake aziwerenga zimenezo? Ndinasanza kuseri kwa njinga kuti zimenezo zisadziwike, ndiye iwe uzisindikize?"

"Nanga ndichite chiyani?"

"Lemba kuti Sachie si munthu aliyense, unangokometsa nkhani. Akuseke iwe."

"Ndiye kuti ndiname?"

Tokiko anamuyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba anaseka.

"Naruse, mtsikana wokoka anyamata makutu uja ukumuona pano?"

Fumie anayang'ana mayi wovala epuloni, wa manja ong'aluka, amene ankasuzumirabe kumbuyo ngati kagalu kaduladi chingwe. Anapukusa mutu.

Masana ake anapita yekha kwa Norio ndi bokosi lija, poti Tokiko anati makeke akufunika kwambiri kumeneko. Norio anali kuntchito. Mkazi wake anamusiya Fumie ataima pakhomo kwa kanthawi ndithu, akumuyang'ana kuyambira kunsapato. Kenako anamulowetsa n'kuthira tiyi.

"Za batanizo anandiuza yekha tisanakwatirane," anatero mayiyo. "Amadziwa chifukwa chake, si wopusa. Amati ndi tsiku lokhalo limene amayi ake anaimba nyimbo pobwerera kunyumba. Ine ndi Tokiko tilibe mlandu. Chandipweteka n'chakuti munthu wa ku Tokyo watenga kanthu kathu kabwino n'kukasandutsa koseketsa m'basi. Imwani tiyiyo, azizira."

Fumie anamwa. Ponyamuka mayiyo anamuikira mapeyala awiri m'thumba kuti akadye m'sitima.

Buku lotsatira linatuluka ndi tsamba lalifupi. Fumie analemba kuti Sachie anabadwira m'botolo la inki, kuti kulibe mayi wa tofu wofanana naye, ndipo anapepesa kwa anthu amene anasowa mtendere chifukwa cha kukometsa kwake. Owerenga ena anakwiya, ena anamuseka m'makalata kuti wojambula wawo ndi wabodza. Iye anawerenga makalata onsewo n'kuwasunga osayankha. Chipale chofewa cha nyengo yozizira chisanasungunuke, atsikana a kamera anali atapeza kwina kopita, Tokiko anabwerera pogulitsira, ndipo amayi a Fumie anasiya kuwoloka mlatho.

Nthano ya Sachie inapitirira, atsikana akupitirirabe masiteshoni. Tsiku lina a Hasebe anaima patsamba limene Sachie ankakalipira mnyamata wake pakati pa bwalo, mawu ali m'zilembo zikuluzikulu monga mwa masiku onse. M'kabokosi kakang'ono pansi pake Fumie anali atajambula maondo okha, akugundana.

"Ichi n'chatsopano," anatero a Hasebe. "Sachie wayamba liti mantha?"

"Anali nawo kale. Ine ndi amene ndinkamuonera kumsana."

Kuyambira chaka chimenecho Fumie akapita kwawo ankadzuka m'mawa kukanyamula chidebe kumtunda, ndipo ulendo uliwonse ankabwerako atamva kanthu kena ka Tokiko kamene sakanakaganizira ali patebulo lake. Munthu tikhoza kukhala kumbuyo kwake zaka, kuloweza mawu ake ndi kayendedwe kake, n'kumalumbira kuti tamudziwa, pamene taona msana wokha. Akuluakulu ananena kale kuti ali dere n'kulinga utayenda naye.