Chitseko Chabodza cha Gologolo

Kalekalelo, mwana wa nyama sankakula ndi chakudya chokha ayi. Kambalame ka timba kankabwera ndi dontho lokulitsa kukamwa, n'kulowetsa mlomo pakabowo ka chitseko. Mlomo ukakwana bwino, chitseko chinkagwedeza chingwe chofika pamphasa ya mwana, mwanayo n'kutalika.

Tsono Gologolo kuchepa kwake kunkamuwawa. Anasema chitseko cha mabowo ambirimbiri n'kuchiimika panjira, kuseri atatchera chipanda.

"Odi! Kwa a Njati ndi kuno?" anafunsa timba wina.

"Ee, anasamukira kuno dzana," anayankha Gologolo. "Lowetsani mlomo, mwana wagona."

Dontho linagwera m'chipanda, iye n'kumwa. Atadziyeza pamtengo, ng'oo, yemwe uja! Chitsekotu chinalibe chingwe, koma mkuluyu anangoti dontho limodzi lachepa.

Kunabwera timba wopita kwa Mvuu. "A Mvuu kumtunda kuno?"

"Madzi ayamba kuwapweteka mawondo."

Njati naye anatulukira akufwenkha. "Iwe, chitseko chopanda nyumba n'cha chiyani?"

"Ndikumanga, achikulire. Ine ndimayambira kukhomo."

Njati anachoka akupukusa mutu, Gologolo kuseka mpaka kugwa chagada. Kuyambira pamenepo anasiya n'kumvetsera komwe kuti timba akupita kwa yani, ankangoti, "Ndi pompano!"

Tsiku lina mlongo wake anafika atafukata kamwana kake. "Achimwene, taonani mphwanuyu. Anzake akudumpha m'mitengo, iye akadali wokwana m'dzanja. Timba wake sanafikepo, ndipo kabowo kathu kayamba kutsekeka."

Mtima wa Gologolo unangoti myuu! Anabisa chipanda kumsana n'kuthamangira nawo kunyumba kwa mlongo wakeyo, n'kukhuthula madontho onse otsala pakabowo. Koma dontho lopanda mlomo wa timba chitseko sichinalidziwe. Chingwe chinangoti zii, kabowo n'kutsekeratu iye akuona.

Manyazi anamugwira. Anafuna kuulula, koma mlongo wake anayamba ndiye kulankhula. "Mwini mbumba ndinu, achimwene. Alipo amene akubera ana madontho awo panjira. Mupezeni."

Kamwanako kanamugwira chala. "Malume, mukamugwira mundinyamule ndidzamuone. Pandekha sindingafike."

Gologolo anavomera ndi mutu, misozi ili chuchuchu. Mpaka lero m'mawa uliwonse amalumpha mtengo ndi mtengo, kusuzumira uku ndi uku, ati kusaka wakubayo. Sanamupezebe, chikhalirecho amagona naye mphasa imodzi.