Makilomita Khumi a Pompopompo

M'shopu yawo yometera, a Pompopompo ankamaliza mutu umodzi m'mphindi zisanu, ndipo wodandaula kuti lumo lamukhudza khutu ankamukumbutsa kuti makutu ali nawo awiri. Dzinali anapatsidwa chifukwa mawu oti "dikirani" ankawabaya ngati munga wa kuphazi. Analinso wapampando wa kalabu ya othamanga ya m'tauni mwawo, ngakhale eniakewo ankathamanga pokhapokha mvula ikawapezerera panjira.

Chaka china kalabuyo inakonza mpikisano wa makilomita khumi. Amene anauikira mtima kwambiri anali mlamu wawo, mphunzitsi woonda ngati bango, yemwe anatha zaka ziwiri akuphunzitsa miyendo yake m'mawa uliwonse. Ankafuna kukalowa mpikisano waukulu wa dziko lonse, koma kumeneko salandira munthu wongodzichemerera pakamwa. Amafuna nthawi imene wapeza pa msewu woyezedwa ndi katswiri, wokhala ndi satifiketi yake.

Katswiriyo anali mayi wofatsa, woyenda pa njinga yokhala ndi kachipangizo kowerenga kuzungulira kwa tayala. Atafika kushopu anafotokoza ntchito yake.

"Ndimayamba ndayeza kamtunda kowongoka ndi tepi yachitsulo kuti ndidziwe bwino tayala langa. Kenako ndimapalasa njira yonse kawiri, ndikudula makona monga amachitira othamanga. Mundipatse masabata atatu, ndili ndi misewu ina."

"Masabata atatu! Mukukauyeza msewuwo kapena kukaulima?" anatero a Pompopompo. "Ine ndili ndi galimoto, mayi, ndipo imawerenga yokha makilomita."

"Galimoto imanama, bambo."

"Yanu mwina. Yanga inaleredwa bwino."

Mayiyo atapita, mphunzitsi anayesa kuwaziziritsa. "Alamu, bwanji tingodikira?"

"Inu alamu konzani miyendo. Za mutu ndisiyireni ine, ndiyo ntchito yanga."

Mawa lake masana analiza galimoto. M'makona ankakhota motakasuka ngati basi. Pakati pa njira anaona kasitomala wawo atasenza thumba la simenti, nakamutula kwawo, kuseri kwa msewu, akudziuza kuti mtunda umenewo auchotsera m'mutu. Koma mutu unali utadzaza kale ndi nkhani za kasitomalayo. Manambala atakwana khumi anatsika, najambula mzere woyera kutsogolo kwa sitolo ya zitsulo, nabwerera kukameta, ntchito yonse itatha ola lisanakwane.

Tsiku la mpikisano kunachitika zozizwitsa. Mphunzitsi anafika pa mzere atadula mphindi zinayi zathunthu pa nthawi yake ya masiku onse, mpaka anagwedeza wotchi kuti aone ngati ikuyenda. Wogulitsa nyama, mwini mimba yotsogola, anamaliza malaya asananyowe, nalengeza kuti akusiya butchala kuti azidya za miyendo.

"Mwaona?" anatero a Pompopompo akugunda pachifuwa. "Msewu ukayezedwa ndi munthu wachangu, changucho chimalowa ndi mwa othamanga omwe."

Mafomu a mphunzitsi atatumizidwa, yankho linabwera la mzere umodzi: satifiketi ya msewu ili kuti? A Pompopompo anathamangira kwa mayi uja atanyamula cholembera, akuti angosaina.

"Dzanja langa silisaina pomwe tayala silinapondepo," anatero mayiyo.

Choncho tsiku lina m'mawa anthu anaona zachilendo: njinga patsogolo, galimoto ikukwawa pambuyo ngati ikuperekeza mkwatibwi. Atafika pa mzere woyera, a Pompopompo anaponda buleki, koma mayiyo sanacheuke n'komwe. Anadutsa sitolo ya zitsulo, nadutsa depoti, nadutsa chipatala, mpaka anakaima pansi pa mtengo wina kutali uko. Anabwereza ulendo wonse, nakaimanso pomwepo, nakhomera msomali pa tala.

"Makilomita khumi ndi pano. Anu aja anaperewera mamita mazana asanu ndi anayi."

Nthawi ya mphunzitsi ija sinawerengedwe, ndipo pamene satifiketi inkatuluka n'kuti kalembera wa mpikisano waukulu atatsekedwa. Mphunzitsi sanakalipe. Anangoti, "Alamu, miyendo ndinakonza," basi. Mawu amenewo anawapweteka a Pompopompo kuposa khofi la patsaya. Kunyumba nako mpando unatentha, chifukwa mkazi wawo, mlongo wake wa mphunzitsiyo, anatha sabata akuwayankha ndi mapewa.

A kalabu anagamula mlandu mosavuta: wapampando athamange yekha mamita amene anawameza aja, kuchokera pa mzere woyera kukafika pa msomali, mlamu wawo akuwaperekeza. Anthu anadzaza m'mbali mwa msewu. Wezulo itangolira, a Pompopompo anafwamphuka ngati mbuzi yodula chingwe, kumusiya mphunzitsi m'mbuyo. Pofika pa depoti miyendo inayamba kukangana. Pa geti la chipatala anakhala pansi, lilime kunja, mpaka namwino anasuzumira kuti aone ngati abweretse machira.

Mphunzitsi, akubwera pang'onopang'ono, anawapeza, nawapatsa madzi, nawakoleka mkono paphewa. Anakafika pa msomali akuyenda, anthu akufa ndi chiseko, eniakewo akuseka nawo pakati pa befu. Chaka chotsatira mphunzitsi anaupeza mwayi wake pa msewu womwewo, utayezedwa ndi njinga. Zoonadi akuluakulu sanalakwe ponena kuti kuthamanga si kufika.