Nkhupakupa ndi Kamthenga ka M'magazi a Njati

Kalekale, anthu inu, nyama zikadalankhula, Njati anali ndi asilikali oyera amene ankakhala m'magazi mwake. Kumenya nkhondo ankatha, koma tulo take! Ngakhale muwaimbire ng'oma, sankatembenuka n'komwe. Ankadzuka pokhapokha mthenga wochokera pabala akafika pakhomo pawo.

Tsiku lina Njati akudya msipu, Nkhupakupa anamukakamira kuseri kwa khutu. Anazika mlomo wake n'kuyamba kuyamwa. Kukanakhala kuyamwa kokha bwenzi zili bwino, koma m'kamwa mwakemo munali tizilombo ta matenda, ndipo tinayamba kutsikira m'magazi. Asilikali akanapanda kudzuka, Njati akanafa basi.

Bala la kukhutulo linatuma mthenga. Nkhupakupa anamulavulira malovu ake omata ngati ulimbo, mthengayo n'kukanirira pomwepo. Bala linatuma wachiwiri. Nayenso malovu, nayenso kukanirira. Apa Njati thupi linali litatentha, msipu osaufunanso, n'kungogona pansi. Ine ndimamumvera chisoni Njati, chinyama chonse chija kugonja kwa kanthu kosakwana chikhadabo.

Bala linatuma wachitatu, kamthenga kakang'onong'ono. Nkhupakupa anakaona bwinobwino kakudutsa. Akanatha kukalavulira, koma m'kamwa munali mutadzaza magazi, ndipo mkuluyu sankafuna kutaya ndi dontho lomwe. Anameza kaye, kenako n'kuseka.

"Pita, mphwanga, pita," anatero Nkhupakupa. "Wekhawekha ungadzutse gulu lankhondo iwe? Ndi m'nyumba mwawomo sakakulowetsa."

Pamenepo sananame, mthenga salowa m'nyumba ya asilikali. Koma pakhomopo pankakhala mlonda wachilendo, mutu uli kunja, miyendo ili mkati. Kamthenga kanamukhudza pamphumi n'kumunong'oneza kuti kukhutu kwalowa adani.

Mvetserani tsono! Mlondayo anagunyuza ndi miyendo antchito awiri amene anagona chapafupi. Awiriwo anadzambatuka, aliyense n'kutsina anzake angapo. Otsinidwawo anatsina ena, enawo anatsinanso ena, mpaka nyumba yonse inali yakaliyakali. Omaliza anakafika kuchipinda chamkati n'kuvundukula mkulu wa asilikali. Iye asanatikite n'komwe m'maso, anatuma amithenga ake kunyumba zina zonse za asilikali, ndipo kumenekonso kutsinana kunali komweko.

Asilikali oyera anakhamukira kukhutu. Ankameza tizilombo tija, kameneka pano, kenako apo, osasiyako. Pabala panatupa, panafiira, panayamba kuyabwa koopsa. Njati, amene masiku onsewa sankadziwa chomwe chikumudya, anamva bwinobwino pamene panali mdani wake. Anadzuka n'kulunjika pamtengo wa mthethe.

Nkhupakupa atauona mtengowo anayesa kuzula mlomo, koma mnofu unali utaufinya. Anayesa kubisala muubweya, koma mimba inali itakula ngati nzama yonyika.

"Achimwene a Njati, tiyeni tikambirane," anachonderera. "Ndimangolawako pang'ono chabe."

"Tikambirana ndikamaliza kukanda," anayankha Njati.

Anakhula khutu pakhungwa la mtengowo kamodzi kokha. Phwa! Nkhupakupa anaphulika.

Choncho, anthu inu, musamanyoze uthenga chifukwa woubweretsa ndi wamng'ono. Ukafika pakhomo loyenera, mmodzi amadzutsa awiri, awiri amadzutsa mudzi. Ndipo wadyera amafa pakamwa pali podzaza.

Yanga yathera pamenepa, kaoneni mbatata zanu paphulusa zisanapserere.