Makalata Pansi pa Mwendo wa Tebulo

Telala wa pakhonde la sitolo ya nsalu anthu ankamutcha Bweramawa, ndipo dzinali silinamugwere pachabe. Kaya ndi diresi, kaya ndi zipi yothothoka, yankho linali lomwelo. Koma luso anali nalo, choncho makasitomala ankanyinyirika n'kumabwerabe. Makina ake osokera, amene anagula ndi ngongole ya ku bungwe lobwereketsa ndalama, ankawapukuta m'mawa uliwonse ngati nkhope ya mwana.

Zinthu zinapindika pamene mwini sukulu wina anatenga mayunifolomu amene Bweramawa anasoka n'kuyamba kuzengereza kulipira. Mwezi unatha Bweramawa osapereka kanthu ku bungwe, wotsatira chimodzimodzi. Makalata anayamba kufika, koma munthu wamkulu sanatseguleko ngakhale imodzi. Mwendo umodzi wa tebulo la makina unali waufupi, ndiye ankangopinda envulopu n'kuilowetsa pansi pake.

"Mwaona, mayi a mwana?" anauza mkazi wake, amene ankamuthandiza kusoka mabatani. "Anthuwa ndi achifundo. Tebulo laleka kugwedera."

"Sekani, bambo," anatero mkaziyo. "Akadzanyamula makinawa muzidzasoka ndi mano."

Tsiku lina masana njinga yamoto ya wotolera ngongole inaima pafupi ndi khonde. Bweramawa anathawira kuseri kwa katani yoyeserera zovala, kuiwala kuti kataniyo imalekezera m'mawondo. Wotolerayo anapereka moni kwa mayi, kenako anawerama n'kulankhula mwaulemu ndi mapazi amene ankaonekera pansi paja.

"Mukawauze eni anu kuti sabata yamawa tikubwera ndi galimoto kudzatenga makina."

Wotolerayo atapita, Bweramawa anatuluka kuseri kuja. Manyazi anali nawo, koma mantha ndiwo anakula, pakuti chakudya cha ana ndi lendi zonse zinkatuluka pansi pa singano imeneyo. Anatenga pepala n'kuyamba kulemba kalata yopita ku bungwe lija, kudandaula za kukwera mtengo kwa ulusi ndi kuipa mtima kwa anthu a masiku ano.

"Mukulemba ulaliki?" anafunsa mkazi wake. "Lembani ngati mukuyeza kasitomala. Vuto ndi ili, m'thumba muli izi, zotsalazo ndizipereka motere. Basi."

Analembadi choncho, kakalata kakafupi kopanda zokometsera. M'mawa mwake anavala jekete yosoka yekha n'kukaipereka pamanja ku bungwe kuja, mtima uli m'mwamba.

Mayi woyang'anira ngongole anaiwerenga modekha. "Bambo, makina anuwo ife tingachite nawo chiyani? Muno mulibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kulowetsa ulusi m'singano. Timalanda kwa amene angoti zii, chifukwa sitidziwa ngati akudwala kapena athawa."

Anamuchepetsera ndalama yopereka pamwezi n'kumuonjezera nthawi. Chindapusa cha miyezi imene anabisala ija ndicho sanamuchotsere, ndipo chinamuwawa ndithu.

"Gawo loyamba mupereka liti?" anafunsa mayiyo.

Mawu akuti "mawa" anafika pamlomo penipeni. Bweramawa anawameza, napisa m'thumba.

Anabwerera kukhonde kwake thumba lili pululu koma mtima uli m'malo. Anasolola makalata aja pansi pa tebulo, naikapo kachidutswa ka thabwa, makina n'kuyambanso kulira monga kale. Makasitomala sanaleke kuuzidwa kuti abwere mawa, poti chibadwa sachiza. Koma envulopu ikafika, amaitsegula wobweretsayo asanatembenuke. Anaphunzira kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.