Dzina la Wovala Nambala Naini

M'kanjira kopapatiza ka mashopu okonza mafoni ndi makompyuta, kashopu kachitatu kudzanja lamanzere kanali ka a Injiniya. Dzinalo sanalitenge kusukulu ayi, anawapatsa ndi makasitomala, iwo n'kulilandira ndi manja awiri. Kunena zoona, luso anali nalo. Laputopu imene ena anaitaya kale, iwo ankaitsegula, kuinunkhiza, kuigogoda apa ndi apo, basi yayaka. Vuto lawo linali limodzi lokha: mawu akuti "kodi apa zimakhala bwanji?" sankatuluka pakamwa pawo. Munthu ameneyu akanalola kuzungulira tsiku lathunthu m'tauni yachilendo kusiyana n'kuimitsa wodutsa kuti amulozere njira.

Lolemba lina m'mawa, asanapukute n'komwe fumbi pa benchi, analowa alamu awo, mkazi wa malemu mkulu wawo, atatsogoza mwana wawo wamkazi wa zaka khumi ndi zisanu n'chimodzi. Atapatsana moni, alamuwo anamasula kampango n'kuika pa benchipo kakhadi kotuwa, kochepa ngati bokosi la machesi.

"Alamu, mukukakumbukira aka?"

A Injiniya anangopezeka akhala pansi. Kanali kamemore khadi ka gemu ya mpira ya mkulu wawo, kakhadi kosunga zonse zimene mwini gemu wapanga. Malemuwo anali munthu wa nthabwala. M'malo mosewera ndi matimu otchuka, anapanga timu yawoyawo n'kudzazamo abale: mkazi wawo kaputeni, apongozi kumbuyo chifukwa panalibe wowadutsa, a Injiniya pagolo chifukwa chodana ndi kuthamanga. Mkazi wawo atakhala ndi pakati, malemuwo anakana kutchula dzina limene anasankhira mwanayo, ndipo timu ija anasiya kuiyatsa pamaso pa anthu. Ankangoseka n'kumati, "Dzina ndalemba kale, lili pa wovala nambala naini. Ndi wamkazi ameneyu, muona. Akabadwa ndidzayatsa gemu, nonse mudzaliwerenge nokha."

Ngozi ya pamsewu inawatenga kutatsala miyezi iwiri kuti mwanayo abadwe. M'chipwirikiti cha maliro ndi kusamuka gemu ija inasowa, kakhadi nako osaoneka, ndipo mwanayo, amene anabadwadi wamkazi, anamutcha dzina ndi azakhali ake. Tsopano alamu, pofuna kupita ndi jekete la malemuwo kwa telala, anamva chinthu cholimba m'kati mwa nsalu. Thumba linali lobooka, ndipo kakhadiko kanagona mmenemo zaka zonsezi.

"Sindikufuna kusintha dzina langa, bambo aang'ono," anatero mtsikanayo, maso ali pa kakhadi. "Ndikungofuna ndilione. Ndi mawu okhawo amene bambo anandisiyira."

Mtima wa a Injiniya unasungunuka. Mwana ameneyu anamunyamula ali wakhanda, anamuperekeza tsiku loyamba kusukulu, ndipo chibwano chake chinali cha mkulu wawo chenicheni.

"Mwana wanga, Loweruka uliona ndi maso ako," anatero. "Gemu yamtunduwu siipezekanso wamba, koma pali pulogalamu, amati emyuleta, imene imapusitsa kompyuta kuti izidziyesa gemu yakale. Ndikumangira kompyuta ndi zimene zili munomu, tikopere za m'kakhadimu, timu ya bambo ako ilowenso m'bwalo."

"Nanga Sisi wa Magemu wa shopu yoyang'anizana nanuyi," anatero alamu, "si ndiye amadziwa zinthu zimenezi? Bwanji osamuonetsako?"

Apa ndiye alamu anaponda pachilonda. Sisi wa Magemu anali mayi wa ana awiri, mwini shopu yakeyake, koma zaka khumi zapitazo ndi a Injiniya omwewa amene anamuphunzitsa kugwira chowotcherera mawaya. Ulemu ankawapatsa wonse, mpaka lero ankawatcha aphunzitsi. Koma kuona achinyamata akudzazana kwa iye ndi mapadi awo osewerera, kashopu ka a Injiniya akukadutsa ngati palibe munthu, zinkawachititsa nsanje.

"Alamu, nkhani ya pabanja ndikaitule kwa munthu amene ndinamuphunzitsa ndekha? Siyirani ine."

Ntchito yomanga kompyuta anaigwira ndi chikondi chonse. Bokosi anatenga la kompyuta yakale ya mu ofesi, lopindika pakona, n'kuliwongola ndi hamala. Purosesa, ubongo wa kompyuta, anazula m'makina amene mwini wake anawataya, hadi disiki m'laputopu yosweka sikirini, ma RAM awiri osiyana mtundu koma omvana. Fani inalibe masikuluu, ndiye anaimanga ndi timawaya. Khadi lodula la zithunzi sanalifune n'komwe, poti magemu akale sadya zambiri. Lachitatu masana anaika emyuleta n'kuyatsa gemu ya mpira ija. Kanyimbo koyambira katangolira, a Injiniya anamuona mkulu wawo atakhala pansi pa kapeti, lilime lili panja, akuwagoletsa zigoli n'kumawafunsa ngati pagolo pali munthu. Anatseka chitseko cha shopu kwa kanthawi, chifukwa kasitomala safunika kupeza Injiniya akupukuta misozi.

Chinatsala n'chimodzi, kutulutsa zimene zinali m'kakhadi n'kuziika m'kompyuta. Ntchito imeneyi ili ndi kachipangizo kake, ndipo iwo analibe. Anaganiza zopanga okha. Lachinayi m'mawa anapeza chojambula pa intaneti chosonyeza timapini tisanu n'titatu ta kakhadiko: aka n'kolowera magetsi, aka n'kodutsira zosungidwa, ndi ena otero. Anawotcherera mawaya awo bwinobwino, ntchito yooneka mwaukhondo. Koma chojambulacho sichinanene ngati timapinito tiwerengedwa kakhadi kakuyang'ana kwa iwe kapena kakukufulatira. Ukawerenga kuchokera kolakwika, magetsi alowa pakhomo losakhala lawo. Komanso pa mphamvu ya magetsi ofunika, malo ena analemba mavoti atatu ndi pang'ono, ena analemba asanu.

A Injiniya anatembenuza kakhadi uku ndi uku. Anakayika ndithu, tisawanamizire kuti sanakayike. Anadzutsa mutu, ndipo kutsidya kwa kanjirako, mapazi anayi okha, Sisi wa Magemu anali chiimire pakhomo pake ndi kapu ya tiyi.

"Mwadzuka bwanji aphunzitsi? Kodi si kakhadi ka gemu yakale ako? Ndakhalitsa osakaona. Mukufuna mutani nako?"

Khomo linali limenelo, lotsegukatseguka. Funso limodzi lokha likanakwanira. Koma a Injiniya anaphimba kakhadi ndi chikhatho n'kumwetulira.

"Zing'onozing'ono izi, mayi. Imwani tiyi wanu asazizire."

Sisi atalowa m'shopu mwake, iwo anasankha mbali imene inawaoneka yanzeru, n'kusankhanso mavoti asanu, poganiza kuti chinthu chimene chagona zaka zambiri chifunika kuchidzutsa mwamphamvu. Analumikiza. Panalibe kuphulika, panalibe moto. Kunangomveka kaphokoso kakang'ono, thi, kenako kautsi kowonda kanatuluka pakamwa pa kakhadi. Fungo lake ankalidziwa bwino, poti amisiri onse amalidziwa. Anazula mawaya msangamsanga, koma manja awo anali atachedwa kale.

Mapazi anayi amene anawakanika m'mawa anawayenda masana, kakhadi kali m'manja. Anafotokoza zonse, za mkulu wawo, za mwana, za nambala naini. Sisi wa Magemu anatenga zida zake. Anamasula kakhadiko, n'kukayang'ana pa galasi lokulitsa, n'kukayeza ndi mita ya magetsi. Kachipu kosunga zinthu kanali katatupa, katang'aluka pakati. Anayesa njira ziwiri zitatu mpaka dzuwa linapendeka, makasitomala akubwerera pakhomo. Pomaliza anaika zida pansi.

"Aphunzitsi, kapita. Ngakhale amene anakapanga sangatulutsemo kanthu."

Kenako, osafuna kuwanyoza, anakoka dirowa yapansi kuti abwezemo mita yake. Mmenemo, pakati pa zingwe zakale, munali kachipangizo kokopera makhadi amtunduwo. A Injiniya anakaona, Sisi naye anaona kuti akaona.

"Inali ntchito ya mphindi zisanu," anatero Sisi chapansipansi, misozi ikulengeza m'maso. "Zonse zimene ndikudziwa munayambitsa ndi inu. Mukanandifunsa ndikanasangalala, aphunzitsi."

Lachisanu a Injiniya sanalandire ntchito ya munthu. Anakhala kutsogolo kwa kompyuta yatsopano ija, gemu ili yoyaka, atatsegula malo opangira timu. Apa ndiye woyesa anabwera n'kukhala nawo pa benchi. Mayina a timu yakale ambiri ankawakumbukira. Akanatha kuwalemba onse, pa nambala naini n'kuikapo dzina lililonse lokongola la mtsikana, ndipo padziko lonse panalibe munthu wodziwa kuti si limenelo. Mwana akanalira ndi chimwemwe, alamu akanawathokoza, ulemu wawo ukanatsala wathunthu. Analemba dzina limodzi, n'kuliyang'ana. Linali labwino ndithu. Koma anaganiza za mwanayo akulinong'oneza yekha kuchipinda, mwina tsiku lina kudzalipereka kwa mwana wake, akukhulupirira kuti linachokera kwa bambo ake pamene linachokera m'mantha a munthu wamatama. Kumuwotchera mawu a bambo ake chinali cholakwa chokwanira, kumuikira ena abodza m'malo mwake sakanatha. Anafufuta chilembo chimodzichimodzi.

Loweruka alamu ndi mwana anafika m'mawa, mtsikanayo atavala diresi lake labwino ngati akukakumana ndi mlendo wolemekezeka. Ataona kompyuta ndi mapadi awiri pa benchi, nkhope yake inawala. A Injiniya sanadikire kuti akhale pansi.

"Mwana wanga, alamu, ndakulakwirani. Kakhadi kaja ndakawotcha ndi manja angawa. Pali pamene sindinkadziwa, wodziwa anali pakhomo apo, koma ndinachita manyazi kufunsa. Dzina lija lapita, ndipo palibe angalibweze."

Alamu anagwira pakamwa n'kutembenukira kukhoma. Mtsikanayo sanakuwe, sanatukwane. Misozi inangotsika, iye osaipukuta.

"Ngakhale chilembo choyamba simunachione?"

"Ngakhale chimenecho, mwana wanga."

Mtsikanayo anayang'ana sikirini, pamene timu yopanda mayina inali kudikira. Kenako anakoka mpando, n'kutenga padi imodzi.

"Amayi, ena aja mukuwakumbukira? Tiyeni tiwalembe."

Alamu anapukuta m'maso ndi kampango kaja n'kuyamba kutchula. Apongozi kumbuyo. Msuweni wawo wamiyendo yaitali kumbali. Malemuwo pakati, nambala teni, poti ankati ndiwo ogawa mipira. Pena alamu ndi a Injiniya ankatsutsana kuti uyu anali kumanja kapena kumanzere, mpaka alamu anaseka misozi ili m'masaya. Mtsikanayo ankalemba, akufunsa kuti uyu anali ndani, nanga bwanji bambo anamuika pamenepo. M'mawa umodzi umenewo anamva za bambo ake zambiri kuposa zimene anamva chibadwire.

Kenako anafika pa nambala naini. Gemuyo sinkalola kusiya malo opanda kanthu. Mtsikanayo anayendetsa chala pang'onopang'ono, n'kulemba kuti MWANA WANU.

"Adziwa kuti ndi ine," anatero. Kenako anapereka padi inayo kwa a Injiniya. "Gwirani, bambo aang'ono. Ndiphunzitseni mmene ankasewerera."

Anasewera. Nambala teni anapereka mpira kwa nambala naini, ndipo a Injiniya sanaone ngati unalowa kapena ayi, chifukwa maso awo sankaonanso bwino. Chikhululukiro chimenecho chinawapweteka kuposa mmene kukalipiridwa kukanawapwetekera.

Kompyuta ija ikugwirabe ntchito, ndipo mwana ndi bambo ake aang'ono amasewera Loweruka lililonse. A Injiniya masiku ano amawoloka kanjira kaja kawiri katatu pa tsiku, chinthu chili m'manja, funso lili pakamwa. Anakhululukidwa, anaphunzira, koma dzina limene bambo anasankhira mwana wake palibe adzalimve mpaka kalekale, ndipo mwanayo ndiye akusenza mtolo umene sanaumange. Anthu akale sanalakwe ponena kuti safunsa anadya phula.